Fupa Lomwe Anabisa a Dailes

A Dailes anali mayi wodziwa kusunga pakamwa, ndipo ankanyadira zimenezo monga mmene ena amanyadira ng'ombe zawo. Kumudzi kwawo, kumtunda kwa msika wa Lizulu, munthu ankatha kuwauza nkhani yake yamanyazi m'mawa n'kumayenda tsiku lonse mtima uli m'malo. Zinsinsi za eni anali nazo zodzaza nkhokwe. Chawochawo chinali chimodzi chokha, ndipo chinali cha mwana wawo wamkazi, Jessie.

Jessie ali ndi zaka khumi ndi chimodzi anakwera pamwamba pa ngolo ya mbatatesi yopita ku Lizulu. Mvula inali itakumba msewu. Gudumu linalowa m'ngalande, ngolo inapendekeka, mwana pansi khu, matumba atatu n'kumugwera m'chiuno. Bambo ake anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo kwa mayi wamasiye wokhala ndi mbatatesi yosakumba m'munda, kuchipatala kunaoneka kutali zedi. Anaitana mkulu wina wodziwa kulumikiza mafupa. Mkuluyo anatema mphini, napaka mankhwala, nati mwana agone. Jessie anagona pamphasa miyezi itatu. Atadzuka anayenda, kenako anathamanga, nayambanso kusenza ndowa ngati anzake. Kunangotsala kutsimphina pang'ono chakumanzere akatopa, ndipo chitenje chinkabisa bwino.

Zaka zinapita, anthu a m'mudzi anaiwala. A Dailes nawo akanaiwala pakanapanda Dyton.

Dyton anali mnyamata wa kumudzi wina kuseri kwa Kasinje, kuchigwa kotentha, ndipo ankabwera ku Lizulu kudzagulitsa tomato. Anali waulemu, wosamwa, wosalankhulalankhula. Vuto lake linali limodzi: anali ndi amayi ake. A Malita anali mayi wa khasu, uja wokhulupirira kuti khasu liposa mako, ndipo mbiri yawo inafika ku Lizulu iwo asanafike. Anthu ankati mtsikana woyamba yemwe Dyton anamufunsira anamukana ndi a Malita, chifukwa chongomva kuti amadwala mphumu. Tsiku lomwe anabwera kudzaona Jessie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati akusankha ng'ombe ya pagoli.

"Kwathu dzuwa silinyengerera munthu," anatero a Malita. "Ine ndikufuna mtengwa wathunthu."

Alendo atangopita, a Dailes anaitanira Jessie kuseri kwa nkhokwe.

"Za ngolo zija uzisiye konkuno. Usadzatchule kwa mwamuna wako, kwa apongozi ako, kaya kwa wina aliyense. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Tisafulumire kuwagenda a Dailes. Analera mwana okha, anamunyamulira mikodzo miyezi itatu, ndipo sanafune kuti ngolo yomwe inamulanda chaka cha sukulu imulandenso banja. Ankaona ngati akumutchinjiriza. Ukwati unachitika, anthu anavina ngoma mpaka fumbi koboo, ndipo Jessie anatsikira ku Kasinje kukakhala chitengwa.

Patatha chaka anaima. Masiku ano ulendo woyamba wa kusikelo amafuna kuti bambo akhalepo, choncho Dyton anakhala pabenchi pambali pa mkazi wake, chipewa chili pabondo. Namwino anafunsa mafunso ake motsatana: shuga, khunyu, kuthamanga kwa magazi. Kenako anafunsa ngati Jessie anavulalapo msana kapena m'chiuno. Jessie anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana pansi.

"Ayi," anatero, namwino n'kulemba.

Masana omwewo Jessie anaimbira amayi ake foni n'kuwafotokozera.

"Wachita bwino," anatero a Dailes. "Fupa linapola kalekale. Ukufuna kulidzutsiranji?"

Popeza inali mimba yachisamba, mwezi wachisanu ndi chinayi utakwana a Dailes anatsikira ku Kasinje kukadikirira. Unali Okutobala, mwezi womwe ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa yasa. Ananyamula thumba la mbatatesi, zitenje zitatu zatsopano ndi beseni. A Malita anawalandira bwino ndithu, pakuti mtengwa anali atawakhutiritsa: ankalima mpaka mimba itafika pakhosi, osadandaula.

Matenda anayamba Lachiwiri m'mawa, Jessie akusesa pabwalo. A Dailes anathamangira beseni ndi zitenje.

"Mukuthamangira kuti, asewere?" anafunsa a Malita. "Chisamba sichifulumira. Ine Dyton ndinamuchira tsiku lachiwiri. Tipita dzuwa likapendeka."

Dzuwa linapendeka, nalowa, natulukanso. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pofika Lachitatu m'mawa madzi anali atasweka kale, Jessie anali atabuula mpaka mawu kusasa, koma mwana osatsika. Apa a Malita anasintha nkhope. Anatuluka, nabwerera ndi amayi awiri achikulire a m'mudzimo, natseka chitseko.

"Awa ndi mapinga," anatero.

Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo lake. Amati mwana akakana kutuluka ndiye kuti mmodzi wa awiriwo, bambo kapena mayi, anayenda njira yapambali mimba ili mkati, ndipo njira ya mwana sitseguka mpaka wolakwayo atchule dzina la yemwe anagona naye. Amatinso zimenezi n'zomasulira pakhomo, chifukwa kuchipatala amangodziwa kucheka. Dyton anali atafunsidwa kale kuseri kwa nyumba ndi amalume ake, ndipo analumbira pali Mulungu kuti sanachite kanthu. Mwana wa a Malita akalumbira ndiye kuti nkhani yatha. Anatsala Jessie.

"Tchula, mwanawe," anatero mmodzi wa amayi aja, mofatsa ndithu, akumusisita mwendo. "Tonse tinali atsikana. Tchula, uchire."

"Palibe," anatero Jessie. "Palibe, agogo."

A Dailes anali atakhala chakumutu, mutu wa mwana wawo uli pamiyendo pawo. Ululu ukabwera, Jessie sankagwira pamimba ayi. Dzanja lake linkathamangira m'chiuno chakumanzere, pomwe paja panagwera matumba. A Dailes analiona dzanjalo kamodzi, kawiri, kachitatu. Sanaphunzire za mafupa, koma anabereka ana anayi, ndipo ankadziwa kuti mwana amadutsa pakati pa mafupa omwewo.

"Asewere," anatero motsitsa, "bwanji tingopita kuchipatala? Zinazi tikazionera komweko."

A Malita anawayang'ana m'maso.

"Mukuopa chiyani, asewere? Kodi pali chomwe mukudziwa chomwe ife sitikudziwa?"

Khomo linali limenelo, lotsegula bwinobwino. Mawu ake anali ochepa: mwanayu anagwa pangolo. Anafika mpaka pammero. Koma kumbuyo kwa mawuwo a Dailes anaona zonse zomwe zikanatsatira: kuti ananamiza banja la eni, kuti anakwatitsa mwana wolumala ngati wathunthu, kuti a Malita akayimba nkhaniyo kuchitsime mpaka ikafika ku Lizulu. Anadziuza kuti mwina si fupa, mwina n'chisamba chabe, mwina pakangopita kanthawi mwana atsika ndipo zonse zikhala m'malo mwake. Jessie anali atakweza maso, akuwayang'ana pakamwa.

"Palibe," anatero a Dailes.

Mafunso anapitirira. Dzuwa linakwera, malata anayamba kuthetheka, m'chipinda munanunkha thukuta ndi mankhwala a masamba. Amayi aja anasinthana, wina monyengerera, wina mokalipa. Ankamuuza Jessie kuti akupha mwana wake ndi manyazi, kuti dzina silitha pakamwa, kuti ngakhale amayi ake omwe akumupempha. A Dailes ankangopukuta chipumi cha mwana wawo ndi nsonga ya chitenje. Dzuwa litafika paliwombo Jessie anatseka maso.

"Cedric," anatero.

"Cedric wa kuti?"

"Wa kwathu. Wa ku Lizulu."

A Malita anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo. A Dailes anamva ngati wina wawathira madzi otentha kumsana. Cedric ankamudziwa, anali mwana wa mnansi wawo, ndipo anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo osabwerako ngakhale pamaliro a agogo ake. Ankatha kunena zimenezo pomwepo. Koma kunena zimenezo kukanabweretsa funso loyamba lija, ndipo anakhalanso chete.

Anamumwetsa Jessie mankhwala omasulira, nadikira. Mwana sanatsike. Mmodzi wa amayi aja anayamba kung'ung'udza kuti mwina dzina silinali limodzi. Koma Jessie sankamvanso. Thupi linali litatentha ngati mbaula, milomo itauma, maso akungotembenuzika. A Dailes anaika dzanja pamimba pomwe dzulo pankagundagunda, ndipo panali zii.

Apa m'pomwe anadzuka. Anakankha chitseko, natuluka opanda mpango kumutu, nathamangira kumsewu, mayi wa zaka makumi asanu, naima pakati pa msewu manja ali m'mwamba mpaka galimoto ya tomato inaima n'kumunyamula Jessie. Kuchipatala chaching'ono namwino anaika kachitoliro kake pamimba, namvetsera, nasuntha, namvetseranso, kenako anangoitanitsa ambulansi. Kuchipatala chachikulu kuboma anathamangira naye ku opaleshoni. Jessie anapulumuka. Mwana anali wamkazi, wonenepa bwino, wa tsitsi lambiri, ndipo anali atafa kale.

Mwana wotere amati mtayo. Samulira, amuna samukumbira manda, samuimbira nyimbo. Lachinayi m'mawa a Malita ndi amayi awiri aja anamukulunga m'chitenje chimodzi mwa zitatu zatsopano zija nanyamuka naye. Popita sanalowe n'komwe muwodi kukaona mtengwa wawo. A Dailes anameza misozi monga mwambo ufunira.

Patapita masiku anayi, dokotala yemwe anachita opaleshoni anawaitanira m'kachipinda kake. Anali mayi wachichepere, dzina lake a Chimango, wamaso otopa. Patebulo panali mafupa a pulasitiki a m'chiuno mwa munthu, ndipo pambali pake chithunzi chakuda cha ekisireyi.

"Mayi, ndikufuna mundithandize," anatero a Chimango. Ananyamula mafupa aja. "Awa ndi mafupa a m'chiuno mwa mkazi. Mukuona kuti apanga mkombero, ngati nkhata. Mwana aliyense wobadwa mwa njira yachibadwa amadutsa pabowo ili, palibe pena. Mutu umalowa cham'mbali apa pamwamba, n'kutembenuka, n'kutulukira pansi pa fupa lakutsogololi. Malo ake ndi ongokwanira basi. Akachepa ngakhale ndi chala chimodzi, mutu umakakamira."

Kenako anakweza chithunzi chija pawindo naloza ndi cholembera.

"Uyu ndi Jessie. Mbali yakumanja ili bwino. Koma onani kumanzere. Fupa ili linathyokapo kalekale, ndipo popola linalowa mkati. Mwana uja akanakankha sabata yathunthu, sakanadutsa. Mutu wake unapanikiza chikhodzodzo kufupa kwa masiku awiri, n'chifukwa chake tamuika kapaipi ka mkodzo. Tiona pakatha masabata awiri ngati sipabooka. Ndamufunsa Jessie kawiri ngati anavulalapo, akungoti ayi. M'buku lake la kusikelo analembanso kuti ayi. Inu ndinu mayi ake. Chinachitika n'chiyani?"

A Dailes anayang'ana fupa lopindika lija. Zaka zonsezi ankaliganiza ngati nkhani chabe, chinthu choti ukasiya kuchitchula chimatha. Tsopano linali pawindo, loyera mbee, dzuwa likuwala kumbuyo kwake.

"Anagwa pangolo," anatero. "Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi."

Mawu aja anatuluka mosavuta, moti anadabwa kuti Lachitatu analemera chotani.

"Mukanadziwa," anafunsa, "mukanatani?"

A Chimango anazengereza, chifukwa anaona nkhope ya mayiyo, koma sanali munthu wonama.

"Tikanamuuza kuti abwere adzadikirire kuno mwezi womaliza. Tikanasankha tsiku, n'kumuchita opaleshoni matenda asanayambe. Timachita zimenezo sabata iliyonse, mayi."

M'mawa mwake a Dailes anapempha chithunzi chija, nachiika m'chikwama, nakwera minibasi ya ku Kasinje. Mwana anali atapita, koma dzina la Jessie linali lidakali m'kamwa mwa anthu, ndipo limenelo ankaganiza kuti angathe kuliwombola. Anapeza a Malita akusenda nandolo pakhonde, Dyton atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango. A Dailes sanadikire n'komwe madzi akumwa. Anagwada pabwalo, mayi wamkulu, nafotokoza zonse: ngolo, matumba atatu, miyezi itatu ya pamphasa, mawu a kuseri kwa nkhokwe. Anati Cedric ali ku Joni chaka chachinayi. Anati wolakwa ndi iwo, ndipo ngati pali wofunika kumutukwana kuchitsime, amutukwane Dailes.

A Malita analandira chithunzi chija, nachiyang'ana mozondoka, nachibweza.

"Asewere, mayi aliyense amamupezera mwana wake pothawira. Ine ndinakufunsani tsiku lija, pamaso pa anthu, ngati pali chomwe mukudziwa. Munati palibe. Lero mwabwera ndi mafupa. Dzina tinalimva ndi makutu athu, tinalipo anayi."

A Dailes anatembenukira kwa Dyton. Mnyamatayo anali ataonda masiku ochepa omwewo, maso ali psuu.

"Apongozi, inu mumamudziwa Jessie."

"Ndimayesa ndimamudziwa, amayi," anatero Dyton, osakweza mutu. "Kusikelo ndinali pambali pake. Namwino anafunsa za m'chiuno, ndinamva ndekha akuti ayi. Tsopano inu mukuti tsiku lija ananama, ndipo Lachitatu ananamanso. Nanga ine ndidziwa bwanji tsiku lomwe ananena zoona?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama cha Jessie chomangamanga kale. Pamwamba anaikapo beseni lija ndi zitenje ziwiri zotsala.

A Dailes anafika kuchipatala nthawi yoona odwala ya masana. Muwodi munali phokoso la makanda, chifukwa amayi otaya ana amagona chipinda chimodzi ndi amayi oyamwitsa. Jessie anali pabedi lakumapeto, atayang'ana kukhoma, kathumba ka mkodzo kakulendewera m'mbali. Atamva mapazi anatembenuka, naona chikwama chake m'manja mwa amayi ake, ndipo sanafunse za Dyton.

"Ndawauza, mwanangu," anatero a Dailes. "Zonse. Adokotala ndawauza, apongozi ako ndawauza."



"Cedric ndinamusankha chifukwa ali kutali," anatero Jessie. "Ndinaopa kuti ndikatchula wapafupi akamumenya munthu wosalakwa."

"Ndikudziwa."

"Ndinkakuyang'anani, amayi. Tsiku lonse lija ndinkayang'ana pakamwa panu. Ndinkamva kuti ndi fupa, linkachita kundiuza. Ndinkati mukangoyamba inu, ine ndimaliza. Apongozi atakufunsani ndinati basi, tsopano anena." Mawu ake analibe ukali, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka a Dailes koposa, chifukwa akanawatukwana bwenzi zili bwinoko. "Adokotala anandifunsa kawiri. Kuno komwe, mwana atafa kale, ndinati ayi. Munati ndisadzatchule kwa wina aliyense."

A Dailes anagwira chitsulo cha bedi.

"Ndinakumverani, amayi," anatero Jessie. "Kodi sindinakumvereni?"

"Unandimvera, mwanangu."

Mtayo samulira, aliyense amadziwa. Koma a Dailes anakhala pansi pasimenti, pakati pa chikwama ndi beseni, nalira mokweza mpaka makanda a m'mabedi ena anadzuka, ndipo namwino yemwe anabwera kudzawatontholetsa anangoima pakhomo n'kuwasiya.